Maenje Amene Ndinakwirira ku Kanyama

Ana anga, za ubwana wanga ku Katete mwazimva mokwanira, sindizibwereza. Nonse mumadziwa kuti mayi wanu anali mlangizi wa madimba m'makomboni a Lusaka, koma palibe mwa inu amene amadziwa chifukwa chake zaka zanga zomaliza pantchito ndinazithera pa tebulo, kutali ndi khasu. Mukafunsa ndimangoti ndi nkhani yaitali. Tsopano ndapuma, nthawi ilipo, ndipo bondo silindilola kupita kutali. Nayi nkhaniyo.

Chaka choyamba: Matero

Bungwe limene linandilemba ntchito, dzina lake ndilisiya, linkafuna kuti amayi a m'makomboni azilima ndiwo pakhomo m'malo mogula chilichonse kumsika. Ganizo linali labwino. Chimene amene analiganiza sanachiganizire ndi madzi. Mayi amene waima pamzere wa pampopi kuyambira m'mawa kuti apeze zigubu ziwiri sungamuuze kuti chimodzi athire pansi. Ntchito yanga inali kuonetsa kuti dimba likhoza kukhala ndi moyo ndi madzi ochepa. Zida zimene anandipatsa zinali khasu limodzi, kheni yothirira yodontha, ndi wilibala yopanda tayala. Tayalalo ndinalipempha zaka zinayi. Ndinachoka ku Matero lisanabwere.

Bwana wanga anali ba Mwape, mwamuna wa ku Kopala, wa malaya oyera tsiku lililonse. Sindinaonepo dothi m'zikhadabo zawo. Ankakonda kwambiri liwu lakuti pemakacha, ndipo alendo akabwera ankalitchula katatu pa mpweya umodzi. Tanthauzo lake ndi losavuta: usasiye nthaka pambalambanda, usataye dontho la madzi, chimene chatsala kukhitchini chibwerere m'nthaka, mbewu zosiyana zikhale pamodzi zizithandizana. Liwulo ba Mwape ankalikonda. Maonekedwe a dimba lotere ndi amene ankadana nawo.

Mlungu wanga wachiwiri ndinatha masiku atatu ndikumweta udzu m'mbali mwa bwalo la mpira, ndikusenza pamutu mpaka kuseri kwa ofesi. Ndinaphimba mabedi onse a repu bwinobwino. Lolemba m'mawa ndinapeza phulusa lokhalokha, mbande zina zitapserera. Ba Mwape anali ataima pakhonde, manja m'thumba.

"Ba Tembo, vija vinyalala nauza mlonda awotche. Apa ni pa ofesi, si ku munzi."

"Bwana, sizinali zinyalala. Udzu uja ndi umene umasunga chinyezi kuti dzuwa lisamwe madzi athu."

"Muzasunga njoka chabe. Dimba ifunika kuoneka yosesa. Mlendo akabwera aziona mizere."

Ndinapempha kuti andilole kuyesa mabedi awiri okha, lina losesa monga ankafunira, lina lophimba, mbewu yofanana, madzi ofanana. Pofika mwezi wa Okutobala, bedi losesa linkafota dzuwa lisanafike pamutu, nthaka yake itauma ngati njerwa. Lophimba lija masamba ake anali aakulu ngati mbale, ndipo ndinkalithirira kawiri pa mlungu basi. Ndinawaitana kuti adzaone. Anayang'ana uku, anayang'ana uko, kenako anati, "Iyi mbewu ya uku ioneka ni yamphamvu. Muzigula yamene iyi." Ana anga, mbewuyo inachokera m'paketi imodzi. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti ntchito yanga sidzakhala yolimbana ndi dzuwa lokha.

Chaka chachisanu mpaka chakhumi: Mtendere

Ku Mtendere ndi kumene ndinasangalala ndi ntchito, ngakhale kuti kumenekonso ndi kumene imvi zanga zinayambira. Mbali imene ndinkagwirako, cha kumalire ndi Kalikiliki, malo ndi otsetsereka. Mvula ikagwa madzi ankathamanga m'tinjira atanyamula dothi ndi mapepala, ndipo patatha masiku awiri pansi pankakhala gwa. Tinayamba kukumba ngalande zopingasa kuti madzi aime, alowe pansi. Kenako tinayamba maenje a nthochi. Umakumba dzenje lofika m'chiuno, n'kulidzaza ndi masamba, makoko a chimanga, zosenda za mbatata ndi makatoni. M'mphepete mwake umabzala nthochi, mbatata ya ndiwo yotchedwa kalembula, ndi chibwabwa. Madzi osambira, ochapira ndi otsukira mbale, m'malo mowataya pamsewu, umathira m'dzenjemo. Zinyalala zimawola, madzi amalowa pang'onopang'ono, mizu imamwa chaka chonse.

Kunena ndi kosavuta. Ndinkati masamba ndi zosenda, anthu ankamva kuti chilichonse. Ndinatulutsamo mabatire, nsapato, matewera a ana, ngakhale galu wakufa. Landilodi wina anatikaniza kuti nthochi zimaitana akadzidzi. Wina anadikira mpaka nthochi zitabereka, n'kuthamangitsa mayi amene anazibzala kuti mulowe m'bale wake. Nkhuku za anthu zinkapalasa udzu wophimbira, eni ake n'kumati nkhuku nayonso ifunika kudya. Komabe maenje anagwira ntchito. Nthawi yotentha kwenikweni unkatha kudziwa nyumba ya mayi wa m'gulu lathu uli patali, chifukwa ndi pokhapo pamene pankaoneka pobiriwira.

Ba Mwape anakwezedwa pantchito chifukwa cha maenje amenewo. Ankabwera ndi alendo pa galimoto, n'kuima patali ndi matope, n'kumafotokoza mmene ganizolo linawabwerera. Ine ndinkaima kumbuyo ndi khasu ngati waganyu. Zinkandiwawa, koma pali china choipa kuposa chimenecho chimene chinandichitikira osadziwa. Ndinayamba kukhulupirira kuti dzenje ndi yankho la chilichonse. Munthu akandiuza vuto lake, ndisanamve n'komwe, pakamwa panga pankatuluka kuti kumbani.

Chaka cha khumi ndi chimodzi: Kanyama

Atanditumiza ku Kanyama ndinapita ndi mtima umenewo. Gulu la amayi a kumeneko linkatsogoleredwa ndi Bana Chanda, ndiye kuti amake a Chanda, mayi wamasiye wochokera ku Kasama, amene ankagulitsa tomato ndi ndiwo pa kathebulo m'mphepete mwa msewu. Anali wamfupi, wa mawu aakulu, wosadziwa kunong'ona. Ankalera adzukulu atatu. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Ba Tembo, ise tatopa na bantu bobwera na mapepala. Ngati mwabwera kutilemba maina chabe, bwererani." Ndinamuuza kuti ndabwera ndi khasu. Anati, "Tizaona."

Tinaona ndithu. Ku Kanyama ukakumba pang'ono, khasu limalira. Pansi ponse ndi mwala. Munthu wanzeru akanaima pamenepo n'kufunsa kuti malo awa akundiuza chiyani. Ine ndinati mwala si kanthu, tiuswa. Tinabwereka nyundo kwa amayi ophwanya miyala, tinkasonkha moto pamwala kuti ung'ambike, kenako n'kumenya. Dzenje limodzi linkatenga milungu iwiri. Manja a Bana Chanda anachita matuza, matuzawo n'kuphulika, iye n'kumangapo nsanza n'kupitiriza. Tinakumba maenje khumi ndi awiri m'miyezi isanu.

Tsiku lina tikukumba, panaima bambo wina wachikulire, ba Njovu, amene ntchito yake inali yokumba zimbudzi m'derali. Anatiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiitanira pambali mwaulemu.

"Ba mayo, ivi vimigodi ni va chani?"

Ndinamufotokozera zonse monga ndinkafotokozera aliyense, kuti tikufuna kugwira madzi a mvula kuti alowe pansi.

Anapukusa mutu. "Kuno manzi sayachokera kumwamba chabe. Mvula ikagwa maningi, yachokera na pansi. Ine nakumba kuno zaka zambiri, niziba."

Ndinamuthokoza monga mmene umathokozera munthu amene sukufuna kumumvera. Mumtima ndinkati, wokumba zimbudzi angandiphunzitse chiyani ine wa satifiketi? Ndipo ngati kuti Mulungu ankafuna kuti ndidzikuze mokwanira ndisanagwe, dzinja loyambalo mvula inagwa yochepa. Maenje anamwa madzi onse bwinobwino. Chilimwe chotsatira makomo khumi ndi awiri aja anabiriwira pakati pa fumbi loyera la Kanyama. Bana Chanda anasiya kukagula ndiwo zogulitsa kumsika waukulu, ankangothyola kuseri kwa nyumba. Anayamba kunditchula mlongo wake. Ndikadutsa ba Njovu pamsewu ndinkamupatsa moni mokweza, kuti aone kuti ndinapambana.

Januwale wa chaka chachiwiri ku Kanyama

Mvula ya chaka chimenecho sinali yamasewera. Inagwa milungu itatu osapuma kwenikweni. Minibasi zinkatisiya kutali, ndipo kunyumba za amayi a gulu lathu ndinkafika nditavala majombo, madzi ali m'mawondo. Lolemba lina mvula itakata, ndinapita kukaona maenje. Onse anali odzaza mpaka pakamwa. Zimenezo sizinandidetse nkhawa, ndinati aphwa. Ndinazika kamtengo m'mphepete mwa dzenje la Bana Chanda n'kulemba pamene madzi analekeza. Lachiwiri ndinabwerera. Mvula sinagwe usiku wonse, koma madzi anali atakwera kupitirira pamene ndinalemba. Anali akuda mobiriwira, ndipo fungo lake silinali la masamba owola. Ndinayenda mapazi ochepa kukasuzumira m'chimbudzi cha nyumba yoyandikana. Madzi a m'menemo anali pa msinkhu womwewo, mtundu womwewo. Pansi pa mwala paja zonse zinali zitakumana, ndipo maenje anga anali mawindo amene ndinatsegula ndekha pakhomo pa anthu.

Ndikutembenuka ndinaona Bana Chanda atagwada pa dzenje, akutsukuluza mitolo ya repu yoti akagulitse. Njira ya kumpopi inali itamira, ndiye anati madzi ali pompano. Mlungu womwewo tinali titamva kuti kolera yayamba mbali ina ya komboni.

Ndinapita molunjika ku ofesi. Ba Mwape anandimvetsera akusewera ndi cholembera.

"Ba Tembo, pa Chisanu kubwera balendo bochokera kunja, bamene batipatsa thandizo. Nabauza kale kuti bazaona manzi yosungika mu Kanyama. Manje vimigodi vazula, imwe mufuna kufotsera? Yembekezani pa Chibelu." Ankatanthauza Loweruka, alendo atapita.

"Bwana, si madzi osungika amenewo. Ndi za m'chimbudzi. Anthu akutsukiramo ndiwo."

"Bauzeni basagwireko. Masiku yatatu chabe."

"Mwana wa zaka ziwiri ndimuuza bwanji kuti asagwireko?"

Anaika cholembera pansi. "Iyi nchito ni mwana wanu. Zaka zonse izi mwaikamba. Mufuna kuimirira pamaso pa bantu kuti munanama? Mukagwira vija vimigodi pa Chisanu pasanafike, musakanifunse vamene vizachitika."

Pamenepo ananena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipweteka. Kuopa ba Mwape sikunali kwakukulu. Chimene chinkandilemera chinali kukaima pamaso pa amayi amene anaswa mwala miyezi isanu chifukwa cha mawu anga, n'kuwauza kuti bwezeranimo miyala ija. Ndinkadziuza kuti masiku atatu si ambiri, kuti mwina madzi aphwa okha, kuti ndikhoza kungozungulira ndikuwachenjeza. Ndinali ndi inu kusukulu, bambo anu ntchito inali itawathera. Zifukwa zodikira zinalipo zambiri, ndipo zonse zinali zomveka. Koma ndikatseka maso ndinkaona mitolo ya repu ija ikudontha, ikupita pa kathebulo.

Lachitatu m'mamawa ndinakagogoda kwa ba Njovu. Sanandiseke, sananene kuti ndinakuuzani. Anangofunsa kuti tiyambira kwa yani, n'kutenga fosholo ndi anzake awiri. Kukiliniki anatipatsa mankhwala ophera tizilombo m'madzi. Ndinati tiyambire kwa Bana Chanda, chifukwa iye akavomera ena onse avomera.

Anatuluka atamva miyala ikugwera m'madzi. Poyamba anaganiza kuti ndi ana. Ataona kuti ndine, ndipo ndayamba kuzula kalembula ndi chibwabwa zimene zinamira m'madziwo, anathamanga n'kuima pakati pa ine ndi dzenje.

"Mwafuntha? Muchita chani?"

"Bana Chanda, madzi awa asakanikirana ndi a m'chimbudzi. Dzenjeli tikwirire lero, ndipo ndiwo zonse zimene zakhudza madziwa sizidyedwa, sizigulitsidwa."

"Ndimwe munatiuza kumbani! Tinakumba. Onani manja yanga! Manje muti fotserani. Mailo muzatiuza chani, tidye myala?"

"Ndinalakwa ine. Sindinawadziwe malo ano, ndipo amene ankawadziwa sindinamumvere."

"Kulakwa kwanu muzadya ku nyumba kwanu? Imwe muli na ofesi. Ine nili na ichi chimugodi chabe, na bana batatu."

Anthu anali atasonkhana. Ena ankamuvomereza, ena ankangoonerera. Ndinali nditatopa ndi kufotokoza. Ndinatola kapu imene inali pa mbale zake, ndinatunga madzi m'dzenjemo, n'kumupatsira. Ndinati, "Ngati ndi madzi abwino, itanani mdzukulu wanu wamng'ono amwe, ine ndinyamula fosholo ndizipita." Anayang'ana kapuyo. Anayang'ana ine ndi maso amene sindidzawaiwala. Kenako anaimenya ndi dzanja, inakagwera kutali, iye n'kulowa m'nyumba, n'kumenyetsa chitseko. Ba Njovu anadikira pang'ono, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Uko ni kuvomera, ba mayo. Tiyeni."

Tinakwirira maenje onse khumi ndi awiri m'masiku awiri, ndi miyala yomwe ija tinaswa. Nthochi zina zinali ndi mikoko yoti ikhwime mwezi wotsatira, koma mizu inali itawola kale, zinkagwa ukangozikankha. Pa makomo atatu anandithamangitsa ndi mawu amene sindingawalembe pano, tinabwerera madzulo amuna awo atafika.

Lachisanu alendo anafika n'kupeza milu ya miyala ndi matope. Ba Mwape anayamba kunena kuti anthu osamvetsa awononga ntchito. Ndinawadula mawu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo zaka zonsezo. Ndinati palibe amene wawononga, ndakwirira ndine, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Mlendo wina analemba zambiri m'kabuku kake. Sindidziwa zimene analemba. Chimene ndidziwa n'chakuti patatha milungu iwiri ndinalandira kalata yondichotsa kumadimba, kuti ndizikakonza malipoti mu ofesi.

Sindinganene kuti ndinapulumutsa munthu. Matenda aja anafika ndithu m'dera lathu, ndipo mumsewu wachitatu kuchokera kwa Bana Chanda munachitika maliro. Pa makomo khumi ndi awiri aja sanalowe. Mwina ndi miyala ija, mwina ndi mwayi. Ndalingalira zimenezi kambirimbiri ndipo yankho ndilibe.

Zaka za pa tebulo, ndi pambuyo pake

Ndinakhala pa tebulo zaka zisanu ndi ziwiri ndikulemba za madimba amene sindinkaloledwa kuwaona. Loweruka linali langa, ndiye ndinkabwerera ku Kanyama pandekha. Nthawi ino ndinayamba ndi kufunsa. Ba Njovu ndi amene anati ngati pansi sipafuna, kwezani dimba m'mwamba. Tinayamba kudzaza masaka ndi dothi losakaniza ndi manyowa, pakati n'kuikapo mzere wa timiyala kuti madzi atsike mpaka pansi, m'mbali n'kuboola tibowo tobzalamo repu. Masakawo tinkawakhazika pa mabuloko kuti madzi osefukira asawafike, pamwamba n'kuphimba ndi udzu. Kapu zochepa za madzi otsukuluzira mbale zinkakwanira saka lonse pa tsiku. Amayi asanu ndi awiri a gulu lija anabwerera. Patapita nthawi ofesi yathu inatulutsa kabuku kochenjeza kuti malo a mwala ngati Kanyama sayenera maenje. Pachikuto panali dzina la ba Mwape. Zolakwika za kalembedwe m'kabukuko ndinakonza ndine.

Bana Chanda sanabwerere. Ndikadutsa pa kathebulo kake ankayang'ana kumbali. Ndinamupatsa moni kwa zaka ziwiri osayankhidwa, kenako ndinasiya. Pa tsiku londitsanzika pantchito amayi ena anabwera, iye ayi.

Chaka chatha, ndili pano pa Chawama ndikusankha nyemba pakhonde, ndinamva wina akumenya geti ngati wobwera kudzamanga munthu. Nditatsegula ndinapeza Bana Chanda, atakalamba, akuyenda ndi ndodo. Anakwera minibasi ziwiri kuti afike. Sanandipatse moni. Anatulutsa tsamba la repu m'chitenje, lodzaza nsabwe kunsi kwake, n'kundiikira pafupi ndi mphuno.

"Masaka yanga yonse yachita so. Nichite bwanji? Koma mukambe kamodzi, osati mailo musinthe."

Sindinadziwe n'komwe kuti ali ndi masaka. Ndinamuuza kuti asungunule sopo pang'ono m'madzi, asakanize ndi tsabola wosinja, awaze kunsi kwa masamba dzuwa litapepa, ndipo abzale anyezi pakati pa repu. Kenako ndinati, "Koma zikakanika mubwere mundiuze. Ndidzasintha."

Anandiyang'ana akupuma movutikira.

"Imwe simuzasintha, ba Tembo. Mukali chabe bovuta." Anandikankha pang'ono ndi ndodo kuti ndipatuke pa geti. "Nipatseniko mpando. Mendo yanibaba."